Mkamwini Sabzala Mtengo

Khalani apa pamthunzi, ana inu, pansi pa mtengo wa mapeyalawu. Iwe Mphatso, foniyo ika m'thumba. Ngakhale uijambule kakhumi ngalandeyo, madzi sawonjezeka ayi. Tadala, tenga mpeniwu usendere ang'ono ako nzimbe, koma makoko musataye m'madzimo, ndinakuonani dzulo. Ndakuitanirani kudimba kuno dala. Kumudzi kwadzaza anthu okonza za chiliza cha agogo anu aakazi, ndipo kumeneko munthu sungatsokomole alamu anga osamva.

Nkhani yake nayi. Mawa mwambo wa chiliza ukatha, a Yotamu, mlongo wawo wa agogo anu, akufuna kundisudzula. Mwayang'anana, eti? Inu a m'tauni mumadziwa mayina a osewera mpira a kunja onse, koma kusudzula simukudziwa. Kusudzula ndiko kumukhazika pansi mwamuna amene mkazi wake wamwalira n'kumuuza kuti: bambo, ntchito mwagwira, zikomo, tsopano ndinu omasuka, tengani khasu lanu ndi bulangete lanu mubwerere kwanu. Amanena mwaulemu, mawu ake ozuna ndithu. Koma tanthauzo lake ndi limodzi basi: choka.

Kwathu kuti? Ku Chisepo ndinachokako ndili ndi mano onse m'kamwa. Amene ankandidziwa kumeneko ali kumanda. Nditapita lero, agalu andiuwa, ana andifunsa kuti agogo mukufuna yani. Ndiye ndikuuzeni inuyo poyamba, musanamve kwa wina: ine sindipita.

Ndinabwera m'mudzi muno ngati mkamwini, kudzakwatira agogo anu, a Nambewe. Masiku amenewo mkamwini anali munthu wa pansi zedi. Ukadzuka m'mawa uyambe walima kwa apongozi, ukakumana nawo panjira upatukire kutchire, pa nkhani za m'mudzi pakamwa pako pakhale potseka. Ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. A Yotamu amene akuyenda ndi ndodo ya ulemu lerowa ndinawapeza ali ndi mamina mpaka pachibwano, kabudula wong'ambika kumatako, akuthamangitsa mbuzi. Ndine ndinawaphunzitsa kukhoma khasu mumpini. Musakawauze zimenezi. Kapena kawauzeni, ndilibe nazo kanthu.

Mwini mbumba nthawi imeneyo anali amalume awo a agogo anu, bambo wamtali wosaseka. Atandipatsa malo olima, anandipatsa pano. Musayang'ane mmene palili lero. Panali miyala, tsekera ndi chitedze, potsetsereka poti ngakhale mbuzi imayamba yaganiza isanatsike. Anthu anaseka. Ankati mkamwini wa ku Chisepo wapatsidwa munda wa anyani. Minda yabwino ya kudambo inali ya eni mudzi, ndipo kumeneko ankathirira timadimba tawo ndi ndowa ndi zitini, kutunga pachitsime mpaka msana kuuma.

Koma ine ndili mnyamata ndinakagwirako ganyu kumapiri a ku Dedza, ndipo ndinaona anthu akutenga madzi mumtsinje n'kuwayendetsa m'mbali mwa phiri. Ndiye nditayang'ana kamtsinje kathu kaja, komwe kamatuluka m'nkhalango pamwambapo, ndinati madzi awa angathe kufika pa miyala yangayi. Ndinauza agogo anu. Iwo anangoti, “A Phiri, mukapenga mupengere kutali ndi amalume.” Koma m'mawa mwake anandiphikira mbatata zoti ndinyamule.

Zida zanga zinali khasu, mgwala wobwereka woswera miyala ndi nkhwangwa. Panalibe chingwe, panalibe choyezera, panalibe mlangizi. Mlangizi wanga anali madzi eni akewo. Umakumba pang'ono, kutalika kwa mkono umodzi, n'kuwatsegulira kuti akutsate. Akathamanga, dziwa kuti watsika kwambiri, ndipo ukafika nawo kumunsi kwa munda wako, ntchito yonse yapita pachabe. Akaima n'kumakuyang'ana, dziwa kuti wakwera. Amafunika aziyenda ngati nkhalamba yopita kutchalitchi, osathamanga, osaima. Ndinakumba chilimwe chonse, mvula inabwera n'kugumula theka, ndinakumbanso chilimwe chinacho. Pa khwawa lakuya lija mumadumpha popita kumtunda, ndinagwetsa mkuyu, n'kuusema mkati ngati bwato, n'kuuyala kuti madzi awoloke. Lero pali malata akale, koma poyamba unali mkuyu.

Tsono tamverani zimene anthu a m'mudzi muno anachita. Ukaima kutsidya uko n'kuyang'ana ngalande yanga, maso amakunamiza. Mtsinje umatsika msanga, ngalande imatsika pang'onopang'ono, ndiye zimaoneka ngati madzi akukwera phiri. Ha! Mudzi wonse unatekeseka. Akuti mkamwini wa Nambewe ndi mfiti, madzi akumumvera ngati galu. Amayi ankakoka ana awo ndikamadutsa. Mpiru wanga woyamba, wobiriwira bii m'mwezi wa Okutobala dziko lonse lili gwaa, palibe anaugula ngakhale kuulandira waulere. Ankati ukadya utupa mimba.

Agogo anu sanakangane ndi munthu. Anathyola mpiruwo, anaphika wotendera, anatenga mbale n'kukakhala pa mphambano pomwe amayi amadutsa pochokera kumadzi. Anadya pamenepo pang'onopang'ono, aliyense akuona, mpaka kunyambita zala. Atatha anati, “Mawa mubwere mudzaone ngati ndatupa.” Anatupadi, koma patapita miyezi, ndipo chotupacho ndi amayi anu a Esinati. Usaseke kwambiri Mphatso, utsamwa ndi nzimbe.

Za mitengo tsopano, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ku Malomo kunali bambo wina wa sitolo, Che Amidu, Msilamu, munthu woseka ndi aliyense. Ndinkawagulitsa anyezi. Kuseri kwa sitolo yawo kunali mtengo wa zipatso zimene ine ndinali ndisanalawepo. Tsiku lina anandidulira chimodzi, anawaza kamchere, anati, “Talawani, achimwene.” Ndinati ichi ndi chipatso kapena ndi mafuta? Anaseka mpaka kugwira pamimba, n'kundipatsa njere zitatu. Ziwiri zinaola. Imodzi inamera m'chitini, ndipo ndinkaisamala kuposa mmene ndinkasamalira mutu wanga.

Mbande itafika m'bondo, ndinakumba dzenje pompano, pomwe wakhala Tadalapo. Ndikuti nditenge chitini, ndinangomva kutsokomola kumbuyo. Amalume aja. Anaima ndi manja kumbuyo, anayang'ana dzenje, anayang'ana mbande, anayang'ana ine.

“Mkamwini, ichi n'chiyani?”

Ndinagwada. “Ndi mtengo wa zipatso, bambo.”

“Kwanu ku Chisepo sanakuuzeni? Mkamwini sabzala mtengo. Chimanga bzalani, nyemba bzalani, maungu bzalani, zinthu zoti mukolola n'kuiwala. Koma mtengo uli ndi mizu. Lero mubzala mtengo, mawa muziti malo ano ndi anu, mkuja abale anu abwera kudzathyola. Madzi takulekererani. Izi ayi.”

Ana inu, mtima wanga unawira tsiku limenelo. Zaka ziwiri ndikuswa miyala, zikhatho zonse matuza, ndiye andiuze kuti ndine wodutsa? Ndinanyamula chitini chija kuti ndikachiponye mumtsinje, ndipo mumtima ndinali nditamanga kale katundu wa ku Chisepo. Pamenepo agogo anu anatulukira m'chimangamo, mimba ili kutsogolo. Anali atamva zonse. Anandilanda chitini osandiyang'ana n'komwe, anagwada movutikira, n'kunena kuti, “Amalume, nanga ine ndine mkamwini?”

Amalume anati, “Iwe ndiwe mwini nthaka.”

“Nanga dzenje ndi mtengo?”

Agogo anu sanadikire yankho.

“Ndiye a Phiri akumba dzenje, ine ndabzala mtengo.” Anang'amba chitini, anaika mbande m'dzenje, anakwirira ndi manja awo. Amalume anapukusa mutu n'kumapita, akung'ung'udza kuti ana a masiku ano. Mtengo wake ndi uno watiphimbawu.

Kuyambira tsiku limenelo lamulo lathu linali lomwelo. Ine kukumba, iwo kuika. Malalanje awo a m'mbali mwa ngalande, manachesi, mandimu, magwafa, mapichesi a kumtunda kozizira, mango a boloma aja mumakanganirana, onsewo. Ngakhale nthochi, zimene ena amati si mtengo, sindinaikepo ndekha. Nthawi zina mbande inkakhala sabata yathunthu pambali pa dzenje, kudikira kuti iwo abwere ku maliro kapena achire malungo. Poyamba tinkachita poopa amalume. Amalume atamwalira tinapitiriza, chifukwa zinali zitasanduka zathu. Agogo anu ankati ndikadzabzala ndekha mtengowo udzabala zowawa ngati mwini wake.

Inu mukabwera pa holide mumangoona zakupsa. Simudziwa kuti dimba ili silipuma. Mvula ikangosiya ndimakonza ngalande, kuchotsa matope ndi kutseka mabowo a nkhanu. Nkhanu ndiye mdani wanga wamkulu, pamodzi ndi mfuko. Kabowo kamodzi kolowa chala, pofika mawa madzi onse athawira kukhwawa. M'nyengo yozizira ndimabzala kachewere, kabichi ndi nsawawa, malalanje ali psuu m'mitengo. Kukayamba kutentha ndi nthawi ya tomato, anyezi ndi chimanga chadowe. Anthu akamayamba kuyang'ana kumwamba kudikira mvula, ine ndimakhala ndikukazinga mondokwa. Kenaka mango, kenaka mapeyala. Palibe mwezi umene munthu angalowe muno n'kutuluka chimanjamanja.

Ndipo zonsezi zinkapita ku Malomo pa njinga. Osati njinga zamoto zimene mumakwera inuzi, zokhala ngati zikuthawa nkhondo. Njinga yakapalasa, dengu kumbuyo, dengu lina pamwamba pake, mabuleki ake chidendene changa. Tsiku lina pa chitsikira cha njira ya ku Malomo tcheni chinaduka, ine uko, dengu uko, tomato anagubuduka mpaka kumtsinje. Ndinafika kunyumba malaya ali ofiira, agogo anu anayamba kulira poyesa magazi. Atanunkhiza anasiya kulira n'kuyamba kundikalipira za tomato. Mayi ameneyo! Ndimamusowa, ana inu. Ndimamusowa koopsa.

Chaka cha njala chija, amayi anu akudziwa, anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Minda ya kudambo inapserera. Ngalande yanga inachepa mpaka kutsala ngati chingwe, koma sinaume. Mudzi wonse unadya muno. Omwe ankati mpiru wanga ndi wa ufiti ankabwera ndi nsengwa m'mamawa, maso ali pansi. Sindinabweze munthu. A Yotamu ndi ana awo asanu ndi mmodzi anagona m'kachisakasa ako mwezi wathunthu, akudya maungu ndi nthochi zophika. Sindikunena izi kuti andithokoze, ayi. Ndikunena kuti mudziwe kuti nthawi imeneyo palibe anakumbuka zoti ndine mame.

Chaka chatha agogo anu atadwala tinapita nawo kuchipatala ku Mtengowanthenga. Anamwino anayesetsa, ndisaname. Koma chakudya chinkakana. Phala ayi, tiyi ayi, nsomba ayi. Tsiku lina anandikoka malaya n'kunong'ona kuti, “Bambo a Esinati, ndikufuna peyala la mumtengo wathu woyamba.” Ndinati pamsika pompa alipo, ndikagule. Anati, “Ndati la mumtengo wathu.” Ndinakwera minibasi, kutsika, kukwera ina, kuyenda wapansi, kufika kuno. Nyengo inali itatha, koma pansonga penipeni panatsala awiri. Ndinagwetsa ndi nsungwi, limodzi linaphulika, linalo ndinaliwakha ndi chipewa. Linapsa m'thumba mwa jekete langa.

Anadya theka, ndi sipuni, ine ndikuwagwirira mutu. Chinali chakudya chawo chomaliza. Atatha anatenga njere ija, anaipukuta ndi chitenje, anaiika m'dzanja langa n'kulitseka. Anati, “Mukaimeretse. Mukumbiretu dzenje. Ndikatuluka ndidzabzala.”

Sanatuluke.

Njereyo inamera. Ndi iyo ili m'chitini umo, kuseri kwa nthochi. Mphatso, tabwera nayo kuno, gwira pansi, chitinicho chadyeka. Taonani mizu yatulukira kale kunsi, ikufuna nthaka. Dzenje ndakumba katatu chaka chino. Katatu konse ndaima pamenepo ndi mbande m'manja, n'kuibwezanso kuseri kwa nthochi, dzenje n'kukwirira. Manja ankakana. Zaka zonsezi sindinaikepo mtengo m'nthaka ino, ndiye ndimati ndikaika ndekha ndiye kuti ndavomera kuti sabweranso.

Tsono sabata yatha a Yotamu anabwera muno ndi munthu wina wa jekete lachikopa. Sanandipatse moni wokwanira. Ankayenda m'mitengomu, mlendoyo akukumbatira thunthu lililonse kuyeza kunenepa kwake. Ndinafunsa kuti kodi alamu, mtengowo walakwa chiyani kuti augwire chotero? Anati, “Alamu, musadandaule, tikungoona.” Ndinawaumiriza mpaka ananena. Akuti mitengo ikuluikuluyi ipite ku matabwa ndi kuotchera njerwa, ing'onoing'ono ikhale milimo yomangira zigafa za fodya. Malo akayera, abwereketse kwa alimi a fodya kuti aziika nazale zawo, poti madzi ndi osasowa. Akuti zipatso ndi chakudya cha ana ndi mbalame.

Ndinati, “Alamu, ana anu aja anapulumuka ndi fodya?”

Anati, “Zakale ndi zakale. Mlongo wanga wapita. Inu mwatumikira, tikumasulani mwaulemu mukapume kwanu.”

Ndinati, “Nanga mitengo yangayi?”

Apo ndiye anaseka, kuseka kwa munthu amene wakutchera msampha kalekale. Anati, “Yanu iti? Mudzi wonse ukudziwa kuti anabzala ndi Nambewe. Tandilozerani mtengo umodzi wokha umene munabzala inu muno. Umodzi basi.”

Ana inu, ndinayang'ana uku ndi uku. Malalanje, mango, mapichesi, mapeyala, dimba lonse lili tho. Dzenje lililonse ndinakumba ine, manyowa ndinasenza ine, madzi ndinabwera nawo ine kuchokera m'phiri. Koma woti ndiloze panalibe. Nzeru ija inatipulumutsa kwa amalume ndi yomweyo inandimanga pakamwa. Iwo anapita akusekabe.

Usiku umenewo ndinaganiza zoipa, ndisakubisireni. Ndinati ndikwere kumutu kwa ngalande ndi khasu. Kumenya kawiri kokha pa mulu wa miyala wopatutsira madzi m'ngalande, madzi abwerera kwawo, pajatu madzi saiwala khwawa. Aone ngati nazale zawo zimera ndi malovu. Koma kutacha ndinabwera kuno, ndinaona kabichi ali ndi mame, tomato akuyamba maluwa. Ndinati izi zandilakwira chiyani? Ngalande imeneyi sindingaiphe. Ndi mwana wanga woyamba, amayi anu ndi wachiwiri.

Ndipo mumvetse bwino, musakanene kuti agogo akufuna kulanda malo. Nthaka ino si yanga, ndikudziwa. Ndi ya mbumba. Inali ya agogo anu, tsopano ndi ya amayi anu, mawa ndi ya iwe Tadala ndi ana ako. Mwambo umenewo sindikulimbana nawo, unasunga midzi yathu ife tisanabadwe. A Yotamu ntchito yawo ndi kukusungirani, osati kukugulitsirani mthunzi. Chimene ndikukana ine ndi chakuti munthu akhale pamalo zaka zonsezi, aike mkazi wake m'manda a pamenepo, adyetse mudzi pa njala, kenaka auzidwe kuti anali mlendo. Mame amtundu wanji okhala mpaka imvi? Mawa akadzati takusudzulani, ine ndidzati zikomo, ndamva, koma ndili ndi madzi oti ndikatsegule. Akafuna adzandinyamule pamodzi ndi ngalande yanga, akaitule ku Chisepo.

Amayi anu ndawauza kale. Analira, akuti aopa kutsutsana ndi amalume awo pagulu. Sindiwada, ndi mmene tinawalerera. Koma inu mwapita kusukulu, pakamwa panu mpotseguka, nthawi zina mopitirira muyeso. Mawa mudzakhale kutsogolo. Wina akadzanena za nkhwangwa, mudzafunse kuti mapeyala amene mwakhala mukudya chibadwire achoka kuti chaka chamawa.

Basi, dzukani. Dzuwa lapendeka, ino ndiyo nthawi yabwino, mbande siipsa. Dzenje ndi ilo, pafupi ndi pomwe madzi amakhotera, ndakumba m'mawa uno kachinayi. Manyowa ndathira kale. Mphatso, tsopano itulutse foni yako ija, lero igwire ntchito. Ujambule bwinobwino, nkhope yanga ioneke, manja anga aoneke.

Iwe Tadala, ndakuona watambasula manja. Wamva nkhani yonse ndipo waganiza bwino, mdzukulu wa Nambewe weniweni. Ndiwe mwini nthaka, ukanaika iwe palibe akanatsegula pakamwa. Ina yonse ikubwerayi udzaika ndiwe, ine ndizikumba. Koma uwu wokha ayi, chotsa manja, mayi. Anandipatsa m'dzanja langa.

Taona, walowa. Kwirira ndi phazi, Mphatso, osaponda pakhosi pake. Tsegula madziwo pang'ono, ayende ngati nkhalamba. Eya, choncho.

A Nambewe, mwachedwa, ndabzala ndekha. Ukabala zowawa mudzandikalipira tikakumana.

Tsopano thamangani kumudzi. Mukawapeze a Yotamu pomwe akhala ndi akuluakulu anzawo, mugwade mwaulemu monga ndinakuphunzitsirani, muwauze kuti: agogo akuti munafuna mtengo umodzi woti akulozereni. Bwerani mudzauone. Peyala limatenga zaka kuti libale, ndipo mwini wake akuti sachoka mpaka alawe.